Kadontho Kakuda ka Minahil

M'nyumba mwathu mwana akasamba satuluka pabwalo asanadutse m'manja mwa Ammi, apongozi anga. Iwo amatsegula kabotolo ka surma, uja timapaka m'maso, n'kudinda kadontho kakuda pamphumi pa mwana wanga Minahil, chakumanzere pang'ono. Amati diso la munthu wosirira likabwera, ligwere pa kadonthoko osati pa mwana. Akatero amamuuzira kamphepo kumaso, n'kundibwezera.

Ine sindinatsutsepo zimenezi. Minahil asanabadwe ndinapita padera kawiri, ndipo munthu amene wapita padera sanyoza chilichonse chimene akuti chimateteza mwana. Wina akamuyamikira Minahil pamsika osanena Mashallah, mawu otchula Mulungu amene amatchinga diso loipa, ndinkamukumbutsa ndekha, ngakhale akhale wamkulu kuposa amayi anga. Chithunzi chake sichinali pa foni ya wina aliyense kupatula yanga ndi ya bambo ake, a Tauqeer. Azakhali ake a ku Sharjah ankangomva mawu ake basi.

Sitolo yanga ndinaitsegula Minahil atayamba kukwawa. Nthawi imeneyo fakitale yoluka nsalu kumene a Tauqeer amagwira inali itachepetsa masiku a ntchito, ndipo chipereganyu cha amayi a mumsewu mwathu chinali chitagwera ine. Sitoloyo inalibe khomo, inalibe mashelefu. Katundu anali m'nyumba yosungiramo ya munthu wina ku Karachi. Ntchito yanga inali kupeza wogula pa intaneti, kutumiza dzina lake ndi adiresi ku Karachi, iwo n'kumutumizira phukusi. Kapamwambako ndiye kanali kanga. Zonsezi anandiphunzitsa ndi Shumaila Baji, mnansi wathu amene amagulitsa nsalu zoyala pabedi pa foni. Baji ndi mmene timaitanira mkazi mwaulemu kuno, ngati kunena kuti achemwali.

Ndinasankha kugulitsa chinthu chimene mtima wanga unkachimvetsa: kapilo kooneka ngati njuchi, kokhala ndi timapiko ndi malamba ngati chikwama cha kusukulu. Mwana wongoyamba kuimirira amakavala kumsana, ndipo akagwa chagada mutu umagwera pofewa. Ndinkaganiza kuti mayi aliyense akangokaona adzakafuna.

Koma kuti akaone, ndiye panali nkhani. Pa masamba a mchezo palibe amene amakuona ulere. Umalipira tsiku ndi tsiku kuti kanema wako aoneke pa mafoni a anthu osakudziwa, ndipo tsiku limene waleka kulipira umazimiririka ngati sunakhaleko. Kanema amene ndinali naye anali wochokera ku Karachi komweko, wa kamwana konenepa ka ku China kakugwa pa kapeti yoyera. Ogulitsa njuchi tonse tinali ndi kanema yemweyo. Ndalama zinkapita m'mawa uliwonse, ogula n'kumabwera mmodzimmodzi. Komanso kwathu kuno munthu salipira asanaone katundu. Amalipira wanjinga yamoto akafika pakhomo. Wanjingayo akafika, wina amati sanaode, wina amati mwamuna wake wakana, wina sayankha n'komwe foni. Phukusi limabwerera ku Karachi, ulendo wopita ndi wobwerera n'kugwera pamutu panga.

"Nanga njuchi zako zauluka zingati lero?" anandifunsa a Tauqeer tsiku lina akunyema roti, buledi wathu wopyapyala.

"Ziwiri."

"Zabwerera kumng'oma zingati?"

Ndinangowawonjezera dal, ndiwo yathu ya mphodza, m'mbale.

"Nimra, sikuti ndikukuseka ayi," anatero. "Koma munthu amene ukumulipira tsiku lililonse uja, woti sitikumudziwa ndi nkhope yomwe, ndiye akudya nyama. Ife tikudya dal. Mwezi uno ukatha zinthu zili chonchi, utseke."

Mawa lake ndinakwera padenga kukayanika matewera. Denga lathu ndi la a Shumaila Baji amalekanitsidwa ndi kakhoma kofika m'chiuno, ndipo nkhani zathu zonse zimadutsira pamenepo. Ndinawaonetsa foni. Anakweza magalasi awo, n'kuonera kanema uja osafika nako kumapeto.

"Mwana wa ku China ameneyu ndamuona kuposa mmene ndaonera mwamuna wanga," anatero. "Anthu atopa naye. Panopa mwina ali kusekondale."

"Ndiye nditani, Baji? Ndawonjezera ndalama, sizikusintha."

"Ukuwonjezera ndalama pa mwana wa eni, uli ndi wako m'nyumba? Masaya ngati mango a ku Multan, maso ngati..."

"Baji, nenani Mashallah."

"Mashallah, Mashallah, nayi ina usungire mawa. Tamvera. Anthu amaima pa chinthu chimene sanachionepo. Mwana wathu, denga lathu, zovala zathu pachingwe. Akamaima ambiri, mtengo wotsatsira umatsika. Ine nsalu zanga ndimajambula pabedi panga penipeni, ndi mwamuna wanga woliza mkonono ndikanatha ndikanamusiya pomwepo."

Ndinakana. Ndinakana tsiku limenelo, ndi linzake. Koma mwezi unali kupita, ndipo m'mawa uliwonse ndinkadzuka n'kupeza ndalama za dzulo zapita popanda dzina limodzi la wogula. Njuchi imodzi ndinali nayo kale m'nyumba. Ndinaioda ndekha chifukwa Minahil anali atayamba kugwira miyendo ya machira, bedi lathu la zingwe, n'kuimirira, ndipo simenti yathu ndi yolimba.

Lachinayi masana Ammi anapita kwa anansi kukawerenga Korani ndi amayi anzawo. Shumaila Baji anadumpha kakhoma kaja atanyamula foni yawo yabwino. Tinayala mkeka padenga, n'kumuveka Minahil njuchi.

"Kadonthoko fufuta," anatero Shumaila Baji.

"Ayi, Baji. Chimenecho sindingathe."

"Amene ali ndi ndalama ndi akazi a ku Islamabad, aja amayankhula Chingerezi ndi agalu awo. Akaona kadontho aziti mwana wakumudzi, katundu wakumudzi. Kanthawi kochepa chabe. Padenga pano pali diso lanji? Langa ndi ili, lofa kale ndi magalasi."

Ndinayang'ana madenga onse ozungulira. Panalibe munthu. Ndinanyowetsa nsonga ya mpango wanga ndi malovu, n'kupukuta pamphumi pa mwana wanga. Aka kanali koyamba kumuona padzuwa wopanda kadontho. Ankaoneka ngati mwana wa munthu wina.

Anaimirira atagwira ndowa, n'kuisiya, n'kupepesuka, n'kugwa chagada. Njuchi inamuwakha. Kenako anaphulika kuseka, kuseka kuja kumamutulutsa timano take tiwiri ta m'munsi. Shumaila Baji anati, "Basi, talemera."

Kadontho ndinakabwezera ndekha ndisanatsike. Ammi atabwera anamunyamula mwana, n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Kadonthoka kasuntha."

"Anatuluka thukuta, Ammi. Ndinakonzanso."

"Uzindidikira. Dzanja lako limanjenjemera."

Ndinachenjera, kapena ndinkaganiza choncho. Pamene umasankha anthu oti aone kanema wako, ndinachotsa tauni yathu yonse ya Faisalabad. Ndinachotsanso Sargodha, kumene kuli abale a Ammi. Ndinadziuza kuti ndi masiku ochepa chabe, ndingobweza zimene zinapita, kenako ndizimitse.

Foni inayamba kulira ndisanamalize kutsuka mbale. Lahore, Peshawar, Hyderabad, matauni ena oti sindinawamvepo. Ndalama zomwe poyamba zinkabweretsa wogula mmodzi zinayamba kubweretsa mzere wa mayina. Ngakhale mapukusi obwerera anachepa, ngati kuti anthu ankachita manyazi kukana katundu wa mwana amene amusekerera. Ndinagula nkhuku. A Tauqeer anadya akugwedeza mutu.

"Mwana wa ku China wadzuka?"

"Ndasintha pang'ono kanemayo," ndinatero, ndikuyang'ana m'mbale.

Chimene sindinachiganizire ndi ndemanga. Pansi pa kanema anthu amalemba. Ndinatsegula ndikuyembekeza mafunso a mtengo, koma ambiri sankanena za njuchi ayi. "Kamwana kokongola bwanji." "Masaya awo ndingawalume." "Taonani maso." Wina analemba kuti, "Njuchi ayi, mwanayo mukugulitsa zingati?" n'kuikapo nkhope zoseka. Ena ankalemba Mashallah, Mulungu awadalitse, koma ambiri ankangoyamikira n'kupita. Anthu ochuluka kuposa amene amadzaza msika wathu pa chikondwerero cha Eid anali atayang'ana mphumi yoyera ya mwana wanga, pakamwa pawo posatuluka dzina la Mulungu.

Ndinachita chimene ndimachita pamsika. Pansi pa ndemanga iliyonse yopanda mawuwo ndinkayankha kuti Mashallah. Ndinkalemba ndikuyamwitsa, ndikusonkha moto, ndikudikira madzi kuti adzaze thanki. Ndikamaliza khumi ndinkapeza zina zatsopano. Chala chinayamba kuwawa.

"Iwe, n'chiyani chimene ukuchita pansi pa kanema wako?" anandifunsa Shumaila Baji pakakhoma paja. "Ndinayesa watsegula madrasa."

Ndinawafotokozera. Anaseka mpaka anagwira chingwe choyanikira.

"Mwana wa amayi anga, sukudziwa? Yankho lililonse limene ukulemba, makinawo amaona ngati pali phwando. Amati kanemayu anthu akumukonda, n'kumuperekanso kwa ena ambiri. Mashallah wakoyo ndi amene akukuitanira maso. Pitiriza, n'zaulere."

Iwo ankaona ngati andiuza nkhani yabwino. Kwa ine sinali yabwino. Ndikalemba, maso achuluka. Ndikasiya, amene ayang'ana kale atsala osayankhidwa. Ndinayesa kuleka theka la tsiku, koma ndemanga zija zinkandiyabwa ngati zili pakhungu la mwana. Ndinayambanso kulemba. Ndipo sindinazimitse kanema, chifukwa mayina ankangobwera, ndipo masiku ochepa aja ndinkawawonjezera limodzilimodzi.

M'sabata yachiwiri Minahil anakana bere. Pofika masana thupi linali moto, maso ali ofiira, kulira kwake kosasa ngati kwa kamwana ka mbuzi. Ammi sanafunse kanthu. Anatenga tsabola wofiira wouma, n'kumuzunguliza pamutu pa mwana akunong'ona mapemphero, n'kumuponya pamoto. Tonse timadziwa: utsi ukatsamwitsa anthu ndiye kuti ndi matenda wamba, koma ukapanda kutsamwitsa, pali diso. Ndinaima pafupi ndi mbaula, n'kukoka mpweya dala kuti nditsokomole. Sindinatsokomole. Ammi nawonso ayi.

"Mwanayu wamuona ndani?" anafunsa osandiyang'ana.

"Sindinatuluke naye, Ammi."

"Sindinafunse ngati unatuluka naye."

Kanema ndinamuzimitsa tili mu rikisho, kanjinga kamoto ka mawilo atatu, popita kuchipatala, mwana ali pamwendo, Ammi akukangana ndi woyendetsa kuti achepetse liwiro. Ndinamufufutiratu, ndi ndemanga zake zonse. Adokotala anamuunika kukhosi n'kunena kuti ndi zilonda, ana ambiri abwera nazo mwezi uno chifukwa cha utsi wa m'tauni. Anatilembera mankhwala amadzi. Ine ndinafika kalasi yomaliza ya sekondale, ndimadziwa kuti tizilombo tilipo. Ndinamumwetsa mankhwala pa nthawi yake osaphonya. Komanso ndimadziwa zimene ndinaona pa mbaula paja, ndipo zinthu ziwirizi zimakhala m'mutu mwanga popanda kumenyana.

Kutentha kunatsika pang'onopang'ono. Atayambanso kuyamwa ndinalira mwakachetechete, n'kulonjeza Mulungu kuti zatha. Foni inakhala chete ngati kale. Ndinabwezera mwana wa ku China uja, ndalama zikupita, ogula osabwera, koma sindinadandaule. Ndinkati ndalipira, ndapulumuka, ndipo palibe amene wadziwa.

Panapita masiku. M'mawa wina tinakhala pabwalo, Ammi akusenda nandolo, foni yawo itatsamira pa mtsuko ikuonetsa ulaliki umene amaukonda. Iwo sadziwa kuwerenga, koma amadziwa pokanikiza. Ine ndinali kuchapa pampopi. Minahil anali pansi akusewera ndi makoko. Mlaliki anadukizidwa pakati pa mawu, monga zimachitikira otsatsa malonda akalowerera, ndipo m'foni ya Ammi munatuluka kuseka kwa mwana wanga.

Minahil anatembenuka, n'kuyamba kuseka nayenso, akuloza foniyo.

Manja a Ammi anaima m'mbale. Kanema anatha, n'kuyambiranso. Ndowa yathu, chingwe chathu, buluku la a Tauqeer likuuluzika kumbuyo.

"Nimra. Tabwera."

Ndinapita manja akudontha thovu.

"Uyu ndi ndani?"

"Ndi Minahil, Ammi."

"Ndikumuona kuti ndi Minahil. Pamphumi pake palibe kanthu. Anafufuta ndani?"

"Ine."

Sanakweze mawu. Bola akanakweza. Anangomukoka mwana n'kumukhazika pamwendo pawo, chakutali ndi ine.

"Koma ndinazimitsa, Ammi. Ndikulumbira, ndinafufuta tsiku lomwe tinapita kuchipatala."

"Ndiye ameneyu akuseka m'foni mwanga ndi mzukwa?"

Ndinatenga foniyo. Dzina la sitolo silinali langa. Mtengo unali wotsikirapo kuposa wanga. Pansi panali nambala, ndipo ndinaiimba pomwepo ndisanaganize chonena. Anayankha mwamuna, akutafuna china chake, kumbuyo kwake kukumveka magalimoto.

"Njuchi zingati, Baji?"

"Bhai, achimwene, mwana amene ali mu kanema wanuyo ndi wanga."

"Ndi wanu? Ndiye muli ndi mwayi. Mwana ameneyu amagulitsa kuposa ine ndi achimwene anga kuphatikiza."

"Mumuchotse. Sindinakupatseni."

"Baji, musapse mtima. Ine sindinabe kwa inu. Tili ndi gulu lathu la ogulitsa, kanema akamayenda bwino wina amamukopera n'kumuponya pagulupo, aliyense n'kutenga. Tilipo ambirimbiri. Muimbira tonse? Ndiponso katundu ndi wa ku Karachi yemweyo, inu ndi ine tikudya mbale imodzi."

"Anajambulidwa padenga panga."

"Padengapo pali dzina lanu? Ndiye mukanalemba dzina la sitolo pa kanemayo, ngati amachitira anzanu. Amene anakuphunzitsani ntchito anakusiyirani panjira."

"Mwanayu wadwala, Bhai. Muli ndi ana inu?"

Anasiya kutafuna pang'ono.

"Ndili nawo atatu, n'chifukwa chake sindingazimitse kanema amene akundidyetsera ana. Ndalipira kale mpaka Lamlungu. Likadutsa Lamlungu tidzaona."

Chimene chinatuluka pakamwa panga ndi ichi: "Ndiye nenani Mashallah, basi."

Anaseka, osati moipa ayi, ngati munthu amene wapemphedwa machesi.

"Mashallah, Baji, Mashallah. Muli ndi kanema wina wa mwanayu? Ameneyo ndiye ndingagule."

Ndinadula foni.

Shumaila Baji atamva anabwera ndithu pakhomo, osati pakakhoma. Analibe nthabwala. Anapereka moni kwa Ammi, Ammi n'kuyankha akuyang'ana nandolo. Tinalowa m'chipinda, iwo n'kufufuza pa foni yawo. Anapeza sitolo ina, ndi ina, ndi inanso. Ena anali ataikapo nyimbo. Wina anali atatembenuza kanemayo kuti mwana azigwera mbali ina. Wina anali kugulitsa ku Dubai.

"Pali podandaulira," anatero. "Umalemba kuti mwanayo ndi wako, amachotsa. Koma ndi mmodzimmodzi, ndipo ukachotsa uyu mawa wamera wina. Ndikanakuuza zoika dzina. Nsalu zanga palibe amene anabapo, ndiye sindinaganize."

"Dzina likanathandiza chiyani, Baji? Akanadula."

"Mwina. Koma udziwe, zinthu izi zimatha. Miyezi ingapo anthu atopa naye."

"Ngati mwana wa ku China uja?" ndinafunsa. "Amene munati mwina ali kusekondale?"

Kwa nthawi yoyamba ndinaganiza za mayi wa mwana ameneyo. Ndinali nditamulipirira mwana wake kuti aoneke pa mafoni a anthu kwa miyezi, osanenapo Mashallah ngakhale kamodzi. Ndinatsegula sitolo yanga n'kumuzimitsa nayenso. Panalibenso china chotsatsira.

A Tauqeer atabwera ku ntchito, Ammi anangowapatsa foni. Anaonera kanemayo kawiri ali chiimire, chikwama cha chakudya chili m'manja.

"Ndiye nkhuku ija tinadya inali nkhope ya mwana wanga," anatero.

"Ndinkafuna kuti mwezi usathe zili choncho. Munati nditseke."

"Ndinati utseke sitolo, Nimra. Sindinati utsegule nyumba."

Anasamba m'manja, n'kukwera padenga, n'kukhala komweko mpaka chakudya chinazizira. Za sitolo sanazitchulenso, ndipo panalibe chifukwa. Inali itafa yokha.

M'mawa mwake Ammi anamusambitsa okha mwana. Anamudinda kadontho pamphumi, kena kuseri kwa khutu, kenanso kuphazi. Kenako anandiitana, koyamba chichitikireni zija.

"Ndipezere kumene ali."

Ndinatsegula sitolo ya bambo wotafuna uja. Ammi anaika foni pamwendo, n'kuviika chala chaching'ono mu surma, n'kudinda pagalasi pamene panali mphumi ya Minahil. Koma mwana wa m'kanemayo anapepesuka n'kugwa chagada, kadontho n'kutsala m'malere, pamwamba pa ndowa. Anadikira kuti kanema ayambirenso, n'kuyesanso. Kanakhala pamphumi kanthawi kosakwana kuphethira. Anapukuta galasilo ndi mpango wawo, pang'onopang'ono.

"Timizere tating'onoti pansipa n'chiyani?"

"Ndi zimene anthu akulemba, Ammi."

"Akuti chiyani?"

"Akumuyamikira."

"Akunena Mashallah?"

"Ena. Ambiri ayi."

Chala changa chinali chitafika kale pamalo olembera. Ndinachibweza. Ndinawafotokozera mmene ndinkayankhira ndemanga iliyonse pa kanema wanga, ndi zimene Shumaila Baji anandiuza, kuti yankho lililonse limapangitsa makinawo kumuonetsa mwana kwa anthu enanso. Ndinkayembekeza kuti sadzamva. Anamva bwinobwino.

"Ndiye unkatseka khomo ndi dzanja limodzi, lina likutsegula zenera."

"Inde, Ammi."

Minahil anali atakwawira ku machira, akuyesa kuimirira. Njuchi ija ndinali nditaibisa pansi pa zovala, ndikuganiza kuti Ammi akaiona aiotcha. Anayang'ana mwana, n'kuyang'ana simenti.

"Kanthu kaja kali kuti? Kamuveke. Iko sikanalakwe."

Ndinakatenga n'kumuveka. Nditabwerera, Ammi anasunthira kumapeto kwa mkeka n'kundisiyira malo, koma osati pafupi kwambiri.

"Usalembe," anatero. "Uziwerenga mokweza. Mulungu safuna foni kuti amve."

Ndinayamba pamwamba.

"Uyu akuti, kamwana kokongola bwanji."

"Mashallah," anatero Ammi, n'kuuzira kamphepo kumene kunali Minahil.

"Uyu akuti, maso ake ngati a chidole."

"Mashallah."

"Uyu akufunsa mtengo."

"Mudumphe ameneyo."

"Uyu akuti, ndikanakonda akanakhala wanga."

Ammi anatseka maso. Pamenepo ananena katatu, n'kuwonjezera pemphero lina lalitali.

Tinapitiriza. Madzi ochapira anazizira m'beseni, nandolo za dzulo zili zosaphika. Wogulitsa masamba anaitana pamsewu, sitinatuluke. Mawu a Ammi anayamba kusasa, ine ndinayamba kuwathandiza, iwo ndemanga imodzi ine inzake. Minahil anaimirira, n'kugwa chagada, n'kuseka, ndipo tonse tinacheuka kuti tione ngati kusekako kwachokera pansi kapena m'foni.

Dzuwa litafika pakati pa bwalo ndinafika pa ndemanga yomaliza.

"Zatha?" anafunsa Ammi.

"Za sitolo iyi, Ammi. Pali zinanso zimene Shumaila Baji anapeza."

Ndinabwerera pamwamba kuti nditseke, ndipo galasi linagwedezeka, n'kutulutsa ndemanga zatsopano zimene zinalembedwa ife tikuwerenga. Ndinatembenuzira foniyo kwa Ammi. Sadziwa kuwerenga, koma anaona kuti timizere tachuluka.

Anameza malovu, n'kukonza mpango pamutu.

"Kandipatse madzi akumwa," anatero. "Ukabwera uyambire pamwamba."